Tsiku Limene a ku Chafufumimba Adaimirira

Kudali ufumu wina wotchedwa Mpanipani. Musavutike kuufuna pa mapu, chifukwa ngakhale eni akewo ankati akagona ndi mapu ena, podzuka apeza afupika. Kum'mawa kwake kudakhala azungu a dziko la Tengazonse, kumadzulo azungu a dziko la Ndigawireko, ndipo Mpanipani adali pakati ngati nsabwe pakati pa zikhadabo ziwiri.

Mfumu yake idali Nyengererani, kamunthu kafupi, koseka ndi mano okha mutu uli pantchito. Likulu lake ankalitcha Pepani, poti ndiwo mawu oyamba amene mlendo aliyense wa mfuti ankalandiridwa nawo.

Tsono ku Mpanipani kudali mwambo: pamaso pa mfumu munthu saima, amakwawa. Chifukwa chake chidali chakuti mutu wa munthu wamba usapitirire mutu wa mfumu. Ukapitirira, ati dazi limagwera mbumba yako yonse, amayi ndi atsikana omwe. Palibe adaliona dazi limeneli, komanso palibe adafuna kuyesa.

Mkulu wa okwawa onse pabwalo la mfumu adali a Zalimba. Bambo ameneyu, abale inu, ankakwawa atasenza chikho cha madzi pamsana osataya ndi dontho lomwe. Mawondo awo adauma ngati ziboda za ng'ombe, moti minga inkathyoka yokha ikawaona. Luso limeneli adabadwa nalo, pakuti kwawo kudali ku Chafufumimba, kumalire kwenikweni, kumene mwana akayamba kuyenda makolo ankati wayamba mwano.

Chaka china mfumu idakwera sitima ya pamadzi kukaona maiko a azunguwo. Idabwerako ndi masipuni, wotchi yapakhoma, nsapato zogogoda, chipewa chotalika ngati mtondo, ndi maganizo. Zovuta zidali maganizowo. Idamasula akapolo. Idamanga sukulu. Idayala njanji yochokera kunyumba yachifumu kukafika kumsika, mtunda woti nkhuku inkayenda osapuma. Kenaka idaitanitsa nduna zonse, nikwera pampando wautali umene idagula kunjako.

"Anthu anga," idatero, nduna zili lambalamba pansi. "Azungu akuti ndife osatukuka chifukwa timakwawa. Ndipo akaona munthu wosatukuka mtima umawapweteka, mpaka amamulanda dziko kuti amusamalire bwino. Choncho kuyambira lero kukwawa kwatha. Imirirani!"

Kenaka mawondo adayamba kulira, thethethe, ngati mbuzi zalowa m'mapesi ouma. A Zalimba adadzuka pomalizira, atagwira chipilala. Moyo wawo wonse ankadziwa mapazi a mfumu, chala chilichonse ndi chikhadabo chake, koma nkhope adali asadaione. Adadabwa kupeza kuti Mwininthaka ali ndi kanjerewere pamphuno ngati munthu wina aliyense.

Kumsika wa Nong'onezani nkhani idafika sitima isadafike. Akazi awo a Zalimba, a Nankhoma, ankagulitsa thobwa kumeneko.

"Amwali, akuti amuna anu aimirira," adatero mayi wogulitsa mchere. "Ndi atali?"

"Ndikawaona madzulo. Ine ndidakwatiwa ndi msana, kutsogoloku sindikudziwa."

"Ife atimasula ukapolo," adatero mkulu wina atasenza thumba la abwana ake akale omwewo. "Tsopano akuti ndine wantchito."

"Zasiyana pati?"

"Kale akandimenya ndinkangokhala chete. Pano akandimenya ndimati zikomo bwana, mwandiphwanyira ufulu."

Sipadapite nthawi, akazembe a maiko awiri aja adafika ku Pepani kudzamwa tiyi. Wa ku Tengazonse anthu adamutcha Bwana Thukuta, poti ankanyowa ngakhale mu Juni. Wa ku Ndigawireko adamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale poyasamula. Awiriwa ankadana ngati akazi apamitala, koma pa nkhani ya dziko la eni ankamvana msanga. Mfumu idali itawadulira kale zigawo zingapo, uyu kachigwa, uyo kaphiri, monga achitira mayi wodula chigumu m'mbalimbali kuti ana olira asagwire pakati.

A Zalimba adali ataima kukhoma ndi thireyi ya makapu, ndipo adamva zonse.

"Kuno ku likulu mwatukuka, tayamika," adatero Bwana Thukuta, akuyankhula chiyankhulo cha ku Mpanipani ngati akutafuna mbatata yotentha. "Koma tamva kuti ku Chafufumimba anthu akadakwawabe. Usiku sitigona nazo."

"Ifenso sitigona," adatero Bwana Kaliwo msangamsanga, kuopa kuti mnzake angamupose chisoni.

"Pepani," idatero mfumu. "Onjezani shuga."

Adagwirizana kuti mwezi ukaoneka apite onse atatu akadzionere okha. Akakapeza anthu akukwawa, Chafufumimba alowa m'manja mwa azungu, ndipo za kuti atenge ndani akakambirana okha pambuyo.

Alendo atatuluka, mfumu idacheuka. "A Zalimba, dzukani."

"Ndadzuka kale, Mwininthaka."

"Mwadzuka ndi pakamwa. Mimba ili pansi."

Zoonadi, thupi lidali litabwerera lokha kumene lidazolowera, thireyi ili bwinobwino pamsana. Adadzuka mwamanyazi.

"Kwanu ndi komweko, eti? Mvetsetsani. Anthu awa sakufuna chifukwa, akufuna dziko. Koma amachita manyazi kutenga popanda chifukwa, ndiye ntchito yathu ife ndi kubisa zifukwa. Pitani mukaimiritse abale anu. Akakaona bondo limodzi lokha pansi, kwanu kwapita. Ine sindingalimbane ndi mizinga chifukwa cha mudzi umodzi. Ndidzalira, inde, koma ndidzasaina."

A Zalimba adakafika kunyumba nkhope itagwa. Ku Chafufumimba kudali alongo awo, ana a alongo awo, manda a mayi awo, ndi kamunda ka m'dambo kamene ankati akadzatopa adzapumireko. A Nankhoma adawapatsa kamba wapaulendo ndi mawu olimbikitsa.

"Mukalephera, abambo, musayembekeze kuti ine ndidzapita kukagwada kwa mzungu kupempha chiphaso choti ndikakuikeni kwanu. Ndidzakukwirirani kuseri kwa msika konkuno, pafupi ndi a nsomba."

Ku Chafufumimba adawalandira ndi alongo awo aakulu, a Nambewe, mayi wamtali ngati mlongoti, amene pa ukwati wa mwana wawo adakwawa kuchokera kumtsinje mpaka kubwalo mtsuko uli pamutu. Mudzi wonse udasonkhana pansi pa mkuyu kumva zimene mwana wawo wa ku likulu wabweretsa. A Zalimba adafotokoza zonse: lamulo latsopano, tiyi, mizinga, ndi bondo limodzi lija.

A Nambewe adamvetsera mpaka kumapeto. "Achimwene, mfumu yathetsa kukwawa. Tamva. Nanga dazi yathetsanso?"

"Za dazi sinanene."

"Ndiye mwabwera ndi theka la lamulo. Nanga ku likuluko mukuima bwanji osapitirira mutu wake?"

"Kumeneko imakhala pampando wautali."

"Ibwera nawo mpandowo?"

"Ayi. Kuno idzayenda pansi, pakati pa anthu. Ndi mmene amachitira mafumu akunja."

Amayi onse adagwira mipango yawo nthawi imodzi. Mtsikana wina amene adali atangomangitsa tsitsi adayamba kulira.

"Alongo," adatero a Zalimba, "dazi ndi dazi, munthu amavala mpango. Koma mzungu akalowa muno, munda wa m'dambo uja adzabzalamo zake, inu muzidzalima mwaganyu pa nthaka ya amayi anu. Ine ndakwawa moyo wanga wonse, mawondo ndi awa, palibe angandiphunzitse ulemu. Koma ndikukupemphani, imani. Tsiku limodzi lokha."

A Nambewe adakonza mpango wawo. "Chabwino. Tiima."

Ndiye sukulu idayamba. Kuima wamba ankakudziwa, nanga akadasinja bwanji chimanga? Chovuta chidali kuima munthu atamva mawu oti mfumu. A Zalimba ankati akakuwa kuti, "Mfumu ikubwera!" mudzi wonse gwaa pansi, ndi agalu omwe. Nkhalamba zina adachita kuzimangirira minsi kumsana. Mkulu wina adapempha kuti amupachike mumtengo ndi chingwe cha m'khwapa mpaka alendo adutse. Koma pang'onopang'ono zidatheka. Pofika masiku oti mwezi uoneke, a Zalimba ankakuwa mpaka mawu kusasa, anthu ali njo, misozi ili mbwembwembwe, koma bondo osagunda pansi.

Tsiku loti abwerere kukachingamira mfumu panjira, a Nambewe adawaitanira kuseri kwa nkhokwe atanyamula bango.

"Mfumuyo imalekeza pati?"

A Zalimba adaloza pachifuwa pawo.

"Ndi chipewa kapena popanda?"

"Popanda."

A Nambewe adayeza bangolo pachifuwapo, nalidula ndi mpeni. A Zalimba adaganiza kuti alongo awo akufuna kuluka mkeka wa mphatso wolingana ndi mwini wake, ndipo adanyamuka mtima uli m'malo.

Ulendo wa mfumu udali wokoma. Patsogolo ng'oma, pambuyo akazembe pamachila, pakati mfumu, ndipo a Zalimba adapatsidwa ntchito yogwira ambulera yachifumu, akuyenda chowerama kuti mbumba yawo isasosoke tsitsi. Asadafike ku Chafufumimba adadutsa midzi iwiri yoyandikana nayo, kwa Chilili kum'mawa kwa msewu ndi kwa Njo kumadzulo. Anthu a kumeneko adali atalandira chitukuko ndi manja awiri. Adaima m'mizere, zifuwa patsogolo, ena atavala nsapato imodzi imodzi kuti zikwanire onse. Akazembe adatsika, nawazungulira, akuwagogoda m'mapewa ngati ogula ng'ombe.

"Misana yabwino," adatero Bwana Thukuta.

"Yowongoka," adavomera Bwana Kaliwo.

Kenaka adakhota pa mkuyu uja, nalowa mu Chafufumimba. Msewu udali wosesedwa bwino. Mbendera zili petupetu. Koma munthu ayi.

A Zalimba adayang'ana kumanzere, kumanja. Ndipo adamva kuwomba m'manja kuchokera pansi pa nthaka. Atatsitsa maso adaona mitu. Mbali zonse ziwiri za msewu, kuyambira pa mkuyu mpaka kumtsinje, padali mitu yokhayokha ili ndandanda ngati maungu m'munda: ya imvi, ya mipango, ya tsitsi lomanga. Aliyense adali atakumba dzenje lake, mwa msinkhu wake, nalowamo. Wamfupi kadzenje kosaya, wamtali chidzenje. Ndipo poopa kuti bango lingawanamize, adapitiriza kukumba mpaka dothi lidawafika m'khosi. La a Nambewe lidali ngati chitsime, ndipo padangooneka mfundo ya mpango.

"Takulandirani, Mwininthaka!" adakuwa a Nambewe kuchokera pansipo. "Taimirira monga mwa lamulo lanu! Suzumirani muone!"

Mfumu idasuzumira. Zoonadi, mayiyo adali ataima chilili, manja m'mbali, chibwano patsogolo, ndendende mmene a Zalimba adaphunzitsira. Bondo silidagunde pansi. Mutu sudapitirire wa mfumu. Malamulo onse awiri, lakale ndi latsopano, adasungidwa osathyoka ndi pang'ono pomwe.

Miyendo ya a Zalimba idafuna kuchita zimene idazolowera pa nthawi ya mavuto, koma adakumbuka kuti bondo limodzi lokha likwanira, ndiye adakakamira mtengo wa ambulera ngati munthu wokokoloka ndi madzi.

Bwana Thukuta ankamwetulira, akupukuta khosi. "Kwathu amene timamuika m'dzenje ndi womwalira."

"Anthu okhala m'mauna ngati mbewa," adatero Bwana Kaliwo, akupukusa mutu mwachisoni chokoma. "Awa akufunika chisamaliro lero lomwe."

"Mwaona wokwawa?" idafunsa mfumu.

"Izi zaposa kukwawa."

A Zalimba adaona munda wa m'dambo ukupita, manda a mayi awo akupita, iwo akukwiriridwa pafupi ndi a nsomba. Adayang'ana mfumu. Mfumu inkakanda kanjerewere kake, maso ali pa maenje, kenaka pa akazembe, kenaka pa maenje.

"Dzuwa lawawa," idatero. "Tipumeko. Bwana Thukuta, tiyeni pamthunzi apo ndikuonetseni mtengo wina wa mankhwala."

A Zalimba adatsatira ndi ambulera. Atafika poti Bwana Kaliwo sangamve, mfumu idatsitsa mawu.

"Bwana, ndikuuzeni ngati m'bale wanga. Inu mwayenda, nkhondo mwaziona. Maenje a m'mizere, ofika m'khosi, munthu aliyense lake, maso okha ali kunja. Kwanu maenje otere amakumba ndani?"

Kumwetulira kwa Bwana Thukuta kudazima. "Asilikali."

"Ine sindinanene. Koma anthu osatukuka ngati awa nzeru zotere angazitenge kuti? Ine sindinawaphunzitse. Ndipo taonani mzere uwo, wayang'ana kum'mawa, kumene kuli inu."

"Anawaphunzitsa ndani?"

Mfumu idaponya diso kumene Bwana Kaliwo ankayatsa kaliwo wake, nibweza msanga. "Ine sindinatchule munthu. Funsani a Zalimba awa, kwawo ndi konkuno."

Bwana Thukuta adatembenuka, thukuta likuchita kudontha kumphuno. Moyo wawo wonse a Zalimba adali asadayankhulepo ndi mzungu ali choimirira.

"Bwana," adatero, "ine pochoka kuno maenje kunalibe."

Chidali choonadi chokhachokha, ndipo chidagwira ntchito kuposa bodza.

Kenaka mfumu idakumbuka kuti kutsidya kwa msewu kuli mtengo winanso wa mankhwala woti Bwana Kaliwo auone. Nyimbo idali yomweyo, kungosintha kuti mzere wa uko wayang'ana kumadzulo. Ulendo uno a Zalimba adali atalawa kukoma kwake, ndipo atafunsidwa adaonjezera ndiwo.

"Pochoka ine kunalibe, bwana. Ndipo awa ndi amayi ndi nkhalamba chabe. Anyamata sindikuwaona. Kaya ali m'maenje ati."

Anyamatawo adali kudambo kukasaka mbewa za alendo, koma kaliwo adagwa pakamwa pa mwini wake koyamba chibadwire.

Madzulo a tsikulo akazembe awiri adakhala pansi pa mkuyu, aliyense akumwetulira mnzake ndi mano onse, aliyense akuganiza kuti mnzakeyo walowa kale mu Chafufumimba mwakachetechete ndipo kulanda mudziwo ndi kuyamba nkhondo ya azungu okhaokha. Nkhondo yotero sankaifuna, poti imapha azungu. Choncho adagwirizana, mwa chikondi chawo pa anthu akuda, kuti Chafufumimba akhale wa Mfumu Nyengererani mpaka muyaya, akhale mpata pakati pawo, ndipo wina asapondemo.

"Komabe," adatero Bwana Thukuta, "sitingabwerere kwathu chimanjamanja. Akatiseka."

Adatenga kwa Chilili. Bwana Kaliwo adatenga kwa Njo. Ati anthu a kumeneko ndi otukuka kale, savuta kuphunzitsa, ndipo misana yowongoka chotero ndi yosowa pa ntchito ya mtengatenga.

Mfumu idalira ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana posaina. Idasaina.

Nkhani itafika kumsika wa Nong'onezani, mayi wa mchere adafunsa kuti, "Tsono tapambana kapena tagonja?"

"Tapambana," adatero a Nankhoma. "Simukumva ng'oma? Tikapambananso kawiri kotere, ufumu wonse ukwana pa mphasa imodzi."

Mfumu isadachoke ku Chafufumimba idasiya lamulo lina. Maenje asakwiriridwe. Nthawi iliyonse azungu akamadutsa m'malire, kaya a kum'mawa kaya a kumadzulo, mudzi wonse uzilowa m'maenje ndi kutulutsa maso oopsa. A Zalimba adawapachika mendulo pachifuwa, nawasankha kukhala Nduna ya Maenje, kuti akhale kwawo komweko aziyang'anira. Adakumba lawo pafupi ndi la alongo awo.

M'chilimwe zidali bwino, m'maenjemo munkazizira. Koma azungu adali oyendayenda, ndipo dzinja lidafika. Tsiku lina mvula ikugwa ya mpeni, lipenga lidalira kumalire a kum'mawa, mudzi wonse thamangu, aliyense chubwi m'dzenje lake. Madzi adali m'chiuno. Chule adakwera paphewa pa a Zalimba nakhala pamenepo ngati nayenso ndi nduna.

Kutsidya kwa malire kudadutsa mzere wa anthu a kwa Chilili, ali chilili ndithu, misana yowongoka bwino, atasenza katundu wa Bwana Thukuta: mabokosi, mipando, machila, ndi bafa lachitsulo. Wosenza bafalo adali mkulu wina amene kale adafunsirapo a Nambewe, iwo namukana. Ataona mfundo ya mpango ili pamwamba pa matope, adalephera kupirira.

"A Nambewe! Mwasanduka achule kodi? Tulukanimo, mudzaone chitukuko kuno! Mukumva bwanji m'dzenjemo?"

"Alongo, musayankhe," adanong'ona a Zalimba, mano akugundana. "Tulutsani maso oopsa basi."

Koma a Nambewe adali atasomphoka kale pa zala za kumapazi, mpaka mphuno idatulukira.

"Mukuzizira, achimwene a bafa, mukuzizira kwambiri!" adakuwa. "Koma ndi langa dzenjeli. Nanga bafalo ndi lanu?"